Amene Amasenda Manyumwa

Nthawi inali itangopitirira faifi koloko m'mawa, ndipo azakhali a Siu-khim anali atayamba kale kuchapa. Makina ochapira ali nawo, anawagulira ndi mwana wawo wamkazi, koma mathalauza a amuna awo amayamba awapisa kaye m'matumba ndi kuwatikita m'mawondo pamanja, chifukwa amati makina saona pamene pada. Nyumba zathu ndi zoyang'anana. Pakati pali kanjira kopapatiza koti njinga zamoto ziwiri zimadutsana movutikira, choncho madzi akayamba kuthira m'beseni mwawo, ine ndimadziwa kuti kwacha.

Tsiku limenelo madzi anathira mpaka kusefukira, wotseka mpopi osaoneka. Nditasuzumira pazenera ndinawaona ataima chilili, thalauza lili m'dzanja limodzi, dzanja linalo atalitambasula akuliyang'anitsitsa.

"Pek-lian, tabwera udzandiwerengere. Magalasi ndasiya m'nyumba."

M'dzanjamo munali timapiritsi, kamodzi kataphwanyika pakati.

"Asanu, azakhali."

"Asanu," anabwereza. Anawerenga masiku chobwerera m'mbuyo ndi chala chachikulu. "Ndiye kuti nkhalamba ija inayamba Lachisanu."

Si azakhali anga enieni, koma m'kanjira kathu kuno ku Madou aliyense wa msinkhu wanga amawaitana choncho. Anabwera zaka makumi anayi ndi zinayi zapitazo kuchokera kumudzi wa opanga mchere kufupi ndi nyanja, kudzakwatiwa ndi a Tek-hok a banja la a Yen, amene moyo wawo wonse akhala akukonza mapampu a madzi ndi makina opopera mankhwala m'minda ya zipatso. Analera ana atatu. Anadwazika apongozi awo aakazi zaka zisanu ndi zinayi, kuwatembenuza, kuwasambitsa, kuwamwetsa phala la mpunga ndi supuni. Chaka chilichonse pokolola amakathandiza kupukuta ndi kulonga manyumwa kwa mnzawo wa amuna awo, ndipo sanalandirepo kanthu kupatula chakudya chamasana, chomwenso nthawi zambiri amaphika ndi iwo omwe. Pa mapepala a kuchipatala, pamene pamafunsa za ntchito, amandiuza kuti ndilembe kuti sagwira ntchito.

Mwezi wa Marichi a Tek-hok anagwidwa ndi ululu pachifuwa ali pakati pomasula pampu. Kuchipatala cha mumzinda anapeza kuti mtsempha wina wa kumtima unatsala pang'ono kutsekeka, ndipo anawaika kachubu kakang'ono kotsegula njira ya magazi. Powatulutsa, dokotala ananena kuti mafuta a m'magazi mwawo ndi ochuluka. Anawalembera piritsi lotsitsa mafutawo, lomwe amalitcha sitatini, loti azimwa tsiku lililonse akatha kudya madzulo, komanso lina la kuthamanga kwa magazi. Nyama ya nkhumba yonona aisiye. Azidya masamba ndi zipatso. Aziyenda pansi.

A Tek-hok anangomvapo mawu akuti mutha kupita kwanu. Zina zonsezo anamva ndi azakhali. Anagula kabokosi ka zipinda zisanu ndi ziwiri, Lamlungu lililonse n'kumagawiramo mapiritsi a sabata yonse. Mwendo wa nkhumba umene ankaubwatitsa ndi msuzi wa soya Loweruka lililonse unasowa patebulo. Anasintha mafuta ophikira, nayamba kumadzuka msanga kuti akapeze nsomba zabwino pamsika. Chifukwa sankafuna kuti amuna awo azidya zawozawo ngati mkaidi, iwonso anasiya zonse zimene analetsedwa amuna awowo, ngakhale magazi awo analibe vuto lililonse.

Pa kathumba ka mankhwala panali chenjezo la zilembo zing'onozing'ono, loti womwa mapiritsiwa asadye manyumwa akunja aja, ang'onoang'ono owawasa, amene amagulitsidwa m'masitolo akuluakulu. Ndinawawerengera ndine. Tonse tinagwedeza mutu n'kuseka: ndani kuno angataye nthawi ndi manyumwa akunja? Sizinatibwerere n'komwe m'mutu kuti athuwa, amene timabadwira pansi pake, amene ana athu amavala makoko ake ngati zipewa, ndi pachibale ndi akunjawo.

Mnzawo wa a Tek-hok amene ndatchula uja ndi a Chun-lai a banja la a Ko. Awiriwa anakhala pa benchi imodzi kusukulu, anapitira limodzi ku usilikali, ndipo akhala akunyozana tsiku ndi tsiku kwa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi. Pakona ya munda wa a Chun-lai pali mtengo wakale umene anabzala bambo awo. Zipatso zake ndi zazing'ono, zosaoneka bwino, koma ndi zimene anthu a ku Taipei amayamba kuzifunsa patelefoni mvula ya dzinja isanathe. Amathyola kumayambiriro kwa Seputembala, n'kuziyala m'chipinda chozizira masiku khumi kuti ziphwe madzi. Khungu likayamba kukwinyika, dengu loyamba limabwera kwa a Tek-hok, ndipo bokosi ngakhale limodzi silichoka pamundapo iwo asanalawe ndi kunena mawu awo.

"Chaka chino ndiye wawonongeratu," amatero a Tek-hok, kukamwa kuli tho. "Akuwawa ngati nkhope yakoyo."

"Nanga bwanji ukumeza ndi njere zomwe, fisi iwe?"

"Ndikukuchitira chifundo. Tumiza, anthu a mumzinda sadziwa kanthu."

Akatero ndiye kuti zipatso zapsa bwino. Zikakhala kuti sizinaphwe madzi, a Tek-hok amangoti zii, ndipo a Chun-lai amadikira masiku ena atatu.

Pamwambo umenewu palibe amene amayang'ana manja amene asenda. Nyumwa lathu si lalanje. Umadula kumutu, kucheka khungu mizere, kulifundukula, kenako kuchotsa chinkhupule choyera chija, kung'amba kachikopa ka chigawo chilichonse ndi kutola njere. Azakhali amachita zimenezi ndi kampeni kamene kanatha ndi kunoledwa, n'kuyala zigawo zathunthu m'mbale kuti amuna adye. Iwo amadya tizidutswa tophwanyika totsalira pachikopa, ataimirira, kwinaku akusonkhanitsa makoko oti akayanike. Makokowo akauma amawafukiza madzulo pothamangitsa udzudzu.

Chaka chino dengu linafika monga mwa nthawi zonse. A Tek-hok anali ataonda, akungodandaula kuti m'nyumba mwawo munthu akudya ngati mbuzi. Azakhali anaona kuti apa ndiye papezeka chinthu chimene dokotala walola komanso nkhalamba imachikonda. Anayamba kusenda limodzi tsiku lililonse. Kenako awiri, lina masana, lina akatha kudya madzulo, pambali pa kapu ya madzi ndi piritsi. Ankasenda mosangalala, ndinkawamva akung'ung'udza nyimbo.

Patatha sabata ziwiri a Tek-hok anayamba kudandaula ntchafu. Pokwera masitepe ankagwira khoma. Tsiku lina ndinawaona akulephera kuponya mwendo panjinga yamoto, mpaka anachita kuunyamula ndi manja. Pabwalo la kachisi, pamene amuna achikulire amakhala n'kumamwa tiyi, wina anawauza kuti mapiritsi a mafuta m'magazi amadya minofu, ndipo mlamu wake anawasiya n'kuchira. A Tek-hok sanauze munthu. Anangoyamba kumayerekeza kuponya piritsi m'kamwa, kumwa madzi, piritsilo n'kulitsetserekera m'thumba. Anaiwala kuti thalauza limachapidwa.

M'mawa umene anapeza mapiritsiwo azakhali sanakuwe. Anatseka mpopi, napukuta manja, n'kukayala mapiritsi asanu aja patebulo pafupi ndi mbale ya phala. Ine ndinaima pakhomo, osadziwa ngati ndichoke.

"Nkhalamba, izi zamera m'thumba mwanu."

A Tek-hok anayang'ana mapiritsiwo, anayang'ana ine, kenako denga.

"Akundipha miyendo. Ukufuna uzindikankha pa njinga ya olumala?"

"Ndinakankha amayi anu, inu ndiye mungandikanike? Mwauza dokotala?"

"Dokotala ndi kamwana. Kanabadwa ine ndikukonza kale mapampu."

"Nanga mkodzo? Sabata yatha unali ngati tiyi wowiritsa kawiri. Mumayesa chimbudzi chimadzitsuka chokha?"

A Tek-hok anatsamwa ndi phala. "Pamaso pa mwana wa eni ake, iwe!"

"Mwana wa eni akeyo ali ndi zaka makumi asanu. Valani malaya."

Anatenga thumba la pulasitiki n'kuikamo chilichonse chimene amuna awo amameza: mankhwala a kuchipatala, a chimfine, ngakhale botolo la mapiritsi a mpunga wofiira limene mwana wawo anatumiza kuchokera ku Kaohsiung, lomwe linali lisanatsegulidwe. Ine ndinapita nawo kuti ndikalembe zimene dokotala anene, chifukwa azakhali amati makutu awo amasunga theka lokha.

Dokotala anali mayi wachitsikana, wolankhula modekha. Anawatenga magazi. Zotsatira zitabwera ananena kuti minofu inavulaladi, koma impso zili bwino, ndipo anachita mwayi. Botolo la mpunga wofiira analiika pambali, n'kunena kuti muli mankhwala ofanana ndi sitatini yemweyo, osaphatikiza. Kenako anafunsa ngati pali chimene chasintha pa zakudya mwezi uno.

"Palibe," anatero a Tek-hok. "Udzu wokhawokha."

"Ndikuwapatsa zipatso monga munanenera, adokotala," anatero azakhali monyadira. "Manyumwa awiri patsiku. A mtengo wakale."

Dokotala anaika cholembera pansi. Anafotokoza kuti m'manyumwa, akunja ndi athu omwe, muli zinthu zimene zimalepheretsa thupi kuphwanya sitatini wa mtundu umene a Tek-hok ankamwa. Mankhwalawo amangounjikana m'magazi, ngati munthu wamwa mapiritsi angapo nthawi imodzi, ndiye minofu imayamba kuwonongeka.

"Nanga ndikadya masana, piritsi madzulo?" anafunsa a Tek-hok.

"Sizithandiza, agogo. Mphamvu yake imakhala m'thupi masiku angapo."

Anati sitatini aime kaye mpaka magazi abwerere m'malo, koma woimitsa akhale iyeyo, akuwayeza, osati thumba la thalauza. Pambuyo pake adzawapatsa wa mtundu wina umene sulimbana kwambiri ndi manyumwa. Nkhope ya a Tek-hok inawala. Koma dokotala anapitiriza kuti piritsi lawo la kuthamanga kwa magazi nalonso siligwirizana ndi chipatsochi, ndipo limeneli ndi limene lawayanja, safuna kulisintha. Choncho manyumwa ayi. Ndipo minofu ikadzawawanso popanda chifukwa, kapena mkodzo ukadzada, abwere tsiku lomwelo.

Nthawi yonseyi azakhali ankangopotokola zogwirira za thumba lija. Potuluka anatsalira pakhomo.

"Adokotala, wosenda ndinali ine."

"Woona mkodzo munalinso inu, amayi. Iwo akanangokhala chete mpaka impso zitagwa."

Titafika kunyumba azakhali anatenga manyumwa otsala, ena anakaika patebulo la nsembe za mizimu ya makolo, ena anandipatsa ine. Kampeni kaja anakatsuka, n'kukaika m'kabati.

Miyendo inachira pang'onopang'ono. Patatha sabata zitatu magazi anakhala bwino, sitatini watsopano analowa m'kabokosi, ndipo tsopano azakhali amaima pomwepo mpaka ataona kholingo la amuna awo layenda. Chimene sichinachire ndi nkhani ya a Chun-lai.

A Chun-lai anataya akazi awo zaka ziwiri zapitazo. Ana awo ali kutali, ndipo akaimba foni nkhani imakhala yoti munda ugulitsidwe. Chimene chimawadzutsa m'mawa ndi mtengo uja. A Tek-hok analumbira kuti sangaime pamaso pa munthu wotero n'kumuuza kuti zipatso za mtengo wa bambo ake zinatsala pang'ono kuwaphera impso. Komanso kukhala m'shedi mwa mnzawo, mbale n'kuikidwa patsogolo pawo iwo n'kukana, anati kuli bwino kumutukwana. Choncho anasankha kubisala. Njinga yamoto ya a Chun-lai ikamveka m'kanjira, iwo ankathawira m'chipinda.

"Achimwene alipo, alamu?"

"Agona," ankayankha azakhali, maso ali pansi.

"Folo koloko masana? Wasanduka khanda?"

Ulendo wachitatu a Chun-lai sanachitenso nthabwala. Anasiya dengu lina pakhomo, anaima pang'ono akuyang'ana nsapato za mnzawo zimene zinali pakhondepo, n'kukankha njinga yawo mpaka kumsewu osailiza. Chikondwerero cha usiku umene mwezi umawala wathunthu kumwamba chinadutsa, mabanja onse akuwotcha nyama pamakomo, koma amuna awiriwa sanakhalire limodzi, koyamba chibwerere ku usilikali.

Chakumapeto kwa Okutobala kumapsa manyumwa ena, oyera akuluakulu aja. Amenewonso amadikira mlomo wa a Tek-hok. Tsiku lina madzulo ndikuthandiza azakhali kusadzula masamba a mbatata pakhonde, a Tek-hok analankhula ali m'kati, ngati akuuza wailesi yakanema.

"Akandiitana ndipita. Ndikalawa. Mapiritsi ndiwapumitsa sabata imodzi, palibe amene anafa ndi sabata imodzi."

"Muli ndi kachubu mumtima, nkhalamba."

"Mtima ndi wanga."

"Wochapa, wophika, wokugonerani pansi kuchipatala ndi ndani? Mtima umenewo ndaugwirira ntchito kuposa inu."

A Tek-hok sanayankhe, ndipo azakhali amawadziwa amuna awo: akakhala chete ndiye kuti atsimikiza. Anapitiriza kusadzula masamba mpaka anatha. Kenako anandiuza kuti m'mawa ndidzawanyamulire madengu awiri opanda kanthu aja, akabwezedwe kwa mwini wake.

Tinawapeza a Chun-lai m'shedi, akupukuta manyumwa oyera ndi kansalu, okhaokha. Atationa anaimirira, n'kuyang'ana kumbuyo kwathu ngati kukubwera wina.

"Alamu. Madengu akanatha kudikira." A Chun-lai analandira madenguwo n'kuwaika pambali. "Ndinamulakwira chiyani munthu uja? Ngati ndi mawu aja ndinanena za mimba yake, ndakhala ndikumunena choncho chiyambire."

Azakhali anakhala pa bokosi. Anafotokoza zonse mwadongosolo, monga amayalira zovala pachingwe: mapiritsi a m'thumba, miyendo, magazi, mawu a dokotala. Anaonjeza kuti vuto si mtengo, chifukwa anthu ena onse akudya ali bwinobwino. Ndi mankhwala amene sakumana ndi chipatsocho. A Chun-lai anamvetsera kansalu kali m'manja. Nkhope yawo inafiira, kenako inagwa.

"Ndiye kuti ine ndimamunyamulira matenda padengu."

"Inu mumanyamula, ine ndimasenda, iye amameza. Tonse atatu sitinkadziwa."

"Chitsiru chimene chija! Mwezi wathunthu ndakhala ndikusowa tulo, kumaganiza kuti mwina wamva kuti ndikugulitsa munda. Bwanji osangondiuza?"

"Amati mungalire."

"Ndilire ine? Chifukwa cha fisi ameneyo?" Anatembenuka n'kuyamba kupukuta nyumwa limene anali atalipukuta kale. Patapita kanthawi anafunsa ndi mawu otsika, "Nanga awa andilawira ndani? Lilime langa linafa ndi fodya, inu mukudziwa."

Azakhali anapisa m'thumba la epuloni n'kutulutsa kampeni kaja. Ine sindinadziwe kuti anakatenga. Anasankha nyumwa limodzi, analiyeza kulemera m'manja, analinunkhiza kumutu, n'kulisenda mofulumira monga amachitira. Anatenga chigawo chathunthu, chosaphwanyika, anachiyang'ana kaye, n'kuchidya atakhala pansi.

"Adikire masiku anayi," anatero. "Madzi akadalimo. Ndipo a chaka cha namondwe wamkulu chija, amene nkhalamba yanga inakuuzani kuti tumizani, anafunika kudikira sabata. Ndinangokhala chete."

A Chun-lai anayang'ana azakhali, anayang'ana nyumwa lija. Kenako anaseka mpaka kutsokomola.

Azakhali anapukuta kampeni pa epuloni, n'kuimirira.

"Ndabwera kudzapempha chinthu chimodzi, alamu. Mawa folo koloko mubwere kwathu, ndipo ndikakuuzani kuti agona, musandimvere, mulowe mpaka kuchipinda mukawatukwane monga mwa masiku onse. Muwauze kuti mwadziwa, ndipo wolawa mwapeza wina. Dengu muzibweretsabe, koma muzipereka m'manja mwanga. Iwowo muziwatengera magwafa a kumpanda kwanu aja, azinena kuti ndi owawa. Ndiye mukatero muwatulutse, mukayende nawo mpaka kumlatho ndi kubwerera. Dokotala anati aziyenda, koma ine akundikana. Inu sangakukaneni."